Imelo yonena kuti akaunti yanga itsekedwa: kodi ndaberedwa kale?

Funso: Ndine mayi wogulitsa zitenje ndi nsapato mumsika wa Limbe, ndipo makasitomala anga ambiri amandilipira kudzera pa foni. Sabata yatha ndinalandira imelo yokhala ndi chizindikiro cha kampani imene ndimasungako ndalama, yonena kuti akaunti yanga itsekedwa pakatha maola 24 ngati sinditsimikizira chitupa changa cha unzika. Ndinadina linki imene inali m'munsi mwake, n'kulemba dzina, nambala ya foni, tsiku lobadwa ndi nambala ya chitupa, koma atafunsa PIN mtima unandigunda ndipo ndinatseka tsambalo. Mawa lake bambo wina anandiimbira, kunditchula dzina lonse, n'kunena kuti ndiwawerengere nambala imene yangolowa pa foni yanga kuti amalize kukonza akauntiyo. Ndinadula foni. Kodi ndaberedwa kale? Nanga imelo yeniyeni ndingaisiyanitse bwanji ndi yachinyengo?

Yankho: Mayi, malinga ndi mmene mwafotokozera, n'zokayikitsa kwambiri kuti ndalama zanu zatengedwa, chifukwa zinthu ziwiri zimene akubawo ankazifuna koposa, PIN ndi nambala ija imene inalowa pa foni, simunawapatse. Komabe nkhaniyi sinathere pomwepo. Dzina lanu lonse, nambala ya foni, tsiku lobadwa ndi nambala ya chitupa cha unzika zili m'manja mwawo tsopano, ndipo bambo amene anakuimbirani uja ndi wa gulu lomwelo limene linatumiza imelo. Imeloyo inali yosonkhanitsira zinthu zoti woimbayo adzamveke nazo ngati munthu wa ku ofesi, ndipo foniyo inali yoti amalizire ntchito. Lero lomwe tsegulani akaunti yanu kudzera m'njira imene mumagwiritsa ntchito masiku onse, muone ndalama zotsala ndi mndandanda wa zimene zalowa ndi kutuluka, kenako musinthe PIN. Zina zoyenera kuchita ndizifotokoza chakumapeto, koma ndiyambe ndi mmene ndalama zimatulukira mu akaunti, chifukwa munthu akamvetsa zimenezi safunikanso kuloweza pamtima mitundu yonse ya mabodza.

Ndalama za pa Airtel Money kapena pa Mpamba ya TNM sizikhala mu foni yeniyeniyo, ngakhale tinazolowera kunena choncho. Zimalembedwa m'makompyuta a kampani pa nambala yanu, ndipo kompyutayo imalola kuti zituluke ikaona zinthu ziwiri: kuti pempho lachokera pa SIM khadi ya mwini nambala, komanso kuti PIN yolondola yalembedwa. Ndi zimene zimachitika mukadina *211# pa Airtel, *444# pa TNM, kapena *626# kwa amene ali ndi Mo626 ya National Bank. Pa mapulogalamu a m'mafoni amakono, amene ambiri amangowatchula kuti ma apu, kampani imafunanso umboni wakuti munthu amene akuika apu pa foni yatsopano ndi mwiniwake wa nambalayo, ndipo n'chifukwa chake imatumiza pa SMS nambala yogwira ntchito kamodzi kokha, yotchedwa OTP. Ndikukhulupirira kuti nambala imene bambo uja ankafuna kuti mumuwerengere inali yomweyo. Pa nthawi imene ankalankhula nanu, iye anali akuyesa kulembetsa nambala yanu pa foni yake, kampani n'kutumiza OTP kwa inu mwiniwake monga mmene iyenera kuchitira, ndipo chinamutsalira n'chakuti inu muitchule ndi pakamwa panu. Mukanatero, akanapitiriza kukunyengererani mpaka mutatchulanso PIN.

Apa mukuona kuti imelo payokha singatape ngakhale tambala imodzi. Kuitsegula ndi kuiwerenga sikuchotsa ndalama. Wakuba ayenera kupeza PIN ndi OTP, kapena kulanda nambala yanu yonse, kapena kukupusitsani kuti mutumize ndalamazo ndi zala zanu zomwe, ndipo imelo ndi njira chabe yopemphera zinthu zimenezi mwaulemu ndi mwachinyengo. Choncho malangizo anga aakulu, amene ndimawaika patsogolo pa ena onse, ndi akuti uthenga uliwonse wokhudza ndalama zanu musauyankhe kudzera m'njira imene uthengawo wakupatsani. Ukakupatsani linki, musaidine; tsegulani apu yanu kapena dinani nambala za nyenyezi zimene mumadziwa kale. Ukakupatsani nambala yoti muimbe, musaimbe imeneyo. Imbani nambala yothandizira makasitomala imene inalembedwa pa zikwangwani za kampani kapena kuseri kwa khadi lanu la ku banki, kapenanso pitani ku shopu yawo, pakuti ku Limbe kuno simusowa kopita. Ngati vuto lilipodi, mukalipeza kumeneko. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti imagwira ntchito ngakhale pa tsiku limene bodza lakonzedwa mwaluso kwambiri moti inu ndi ine sitingathe kulizindikira ndi maso.

Komabe mwafunsa za kasiyanitsidwe, ndipo ndi bwino kudziwa. Funso loyamba lodzifunsa ndi lakuti: kodi kampani imeneyi ndinaipatsapo imelo yanga? Anthu ambiri anatsegula akaunti za ndalama za pa foni kwa ejenti kapena ku shopu, ndi chitupa ndi nambala ya foni basi, ndipo kampani ikafuna kuwauza kanthu imatumiza SMS. Ngati ndi mmene zinalili kwa inu, ndiye kuti kubwera kwa imeloyo kokha kunali kale chizindikiro choipa. Otumizawo kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti mumagwiritsa ntchito kampani iti. Amatola ma adiresi ambirimbiri a Amalawi m'magulu a WhatsApp, pa masamba a malonda a pa Facebook, m'makalata ofunsira ntchito ndi m'mindandanda ina imene inabedwa kwina, kenako amatumiza uthenga umodzi kwa onse. Popeza makampani aakulu a foni m'dziko muno ndi awiri okha, dzina lililonse limene angasankhe limagwera anthu ochuluka. Kwa amene ali ndi akaunti ku banki, kapena amene amalandira ndalama kuchokera ku Joni ndi ku Mangalande kudzera ku Mukuru kapena WorldRemit, funso limeneli silithandiza kwenikweni, chifukwa mabungwe amenewa amatumizadi maimelo. Zikatero mpofunika kuyang'ana adiresi.

Imelo iliyonse imakhala ndi dzina looneka ndi adiresi yeniyeni, ndipo zinthu ziwirizi n'zosiyana. Dzina looneka amalemba wotumiza mmene wafunira. Aliyense angatsegule imelo yaulere lero n'kudzitcha dzina la banki kapena la kampani ya foni, popanda womufunsa chikalata. Vuto ndi lakuti pa foni, chifukwa cha kuchepa kwa sikirini, chimene chimaonekera ndi dzina lokhalo, pomwe adiresi imabisika mpaka mutadina pa dzinalo kapena pa kachizindikiro kamene kali pambali pake. Mukaionetsa, yang'anani mawu amene ali kumanja kwa chizindikiro cha @, chifukwa ndi amene amanena kumene imelo yachokera. Masamba a makampani amene ndatchula aja ndi airtel.mw, tnm.co.mw ndi natbank.co.mw. Imelo yodzitcha ya kampani yaikulu koma yothera ndi gmail.com, yahoo.com kapena outlook.com ndi yabodza, ndipo pamenepa palibe chokambirana. Ochenjerako amagula adiresi yofanana ndi yeniyeni: m'malo mwa chilembo cha l amaikapo nambala 1, kapena amalemba r ndi n moyandikana kuti zioneke ngati m, moti tnrn pa sikirini yaing'ono imawerengeka ngati tnm. Ndikuchenjezeninso kuti ngakhale adiresi yooneka yolondola si umboni wokwanira, chifukwa pali njira zonamizira adiresi ya wotumiza, komanso imelo ya wogwira ntchito weniweni ikhoza kubedwa n'kumagwiritsidwa ntchito ndi mbava. Adiresi yolakwika imakutsimikizirani kuti ndi bodza, koma yolondola imangochepetsako chikayiko.

Linki ndi imene imafuna kudekha koposa, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Mawu amene amaoneka pa linki, monga akuti "tsimikizani apa", kapena ngakhale adiresi yolembedwa bwinobwino, akhoza kukhala chophimba chabe, pomwe kumene linkiyo ikupita n'kwina. Pa kompyuta mumangoika kalozera pamwamba pake osadina, ndipo adiresi yeniyeni imaoneka pansi pa sikirini. Pa foni mumakanikiza linkiyo ndi chala kwa kanthawi osachotsa, mpaka adiresi itatulukira. Kawerengedwe kake n'kosiyana ndi mmene timawerengera buku. Pezani kamzere kopendekeka (/) koyamba kamene kamabwera pambuyo pa dzina la tsamba, kenako muwerenge chobwerera kumanzere: mawu amene agundana ndi kamzereko ndi amene amanena mwini tsamba. Mwachitsanzo, adiresi ikalembedwa kuti tnm.co.mw.thandizo-msanga.com/akaunti, diso limathamangira ku tnm.co.mw imene ili koyambirira, koma mwini tsambalo ndi thandizo-msanga.com, ndipo zonse zimene zili kumanzere kwake anangodziikira yekha ngati mmene munthu angalembere dzina la sitolo yotchuka pa chitseko cha nyumba yake. Chitsanzochi ndangochipeka kuti muone kapangidwe kake, koma mabodza ambiri amayenda chimodzimodzi. Ma linki ofupikitsidwa, monga oyamba ndi bit.ly, amabisiratu kumene akupita, ndipo chimodzimodzinso zithunzi za QR zimene ena ayamba kuika m'maimelo kuti muzijambule ndi foni. Kampani imene ikufuna kuti mutsimikizire chitupa ilibe chifukwa chobisira adiresi yake.

Pali malangizo ena akale amene ndikuona kuti masiku ano akusocheretsa anthu. Ena anauzidwa kuti tsamba likakhala ndi kachizindikiro ka loko pamwamba, kapena adiresi yake ikayamba ndi https, ndiye kuti n'lodalirika. Lokoyo amangotanthauza kuti zimene mukulemba zikuyenda mobisika pakati pa foni yanu ndi tsambalo, koma sanena kuti mwini tsambalo ndi ndani, ndipo chilolezo chake chimapezeka kwaulere moti masamba ambiri achinyengo ali nacho. PIN yanu idzangofika bwinobwino, mosatayika panjira, m'manja mwa wakuba. Ena anauzidwa kuti imelo yabodza imadziwika ndi Chingerezi chothyokathyoka. Zinali zoona zaka zapitazo, koma tsopano makompyuta amalembera munthu kalata yosalala m'kanthawi kochepa, ndipo akuba ena amangokopa imelo yeniyeni ya kampani n'kusinthamo linki yokha. Chizindikiro cha kampani ndi mitundu yake sizivuta kukopa n'komwe. Apa mpamene mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere umagwira ntchito kwenikweni: kukongola kwa imelo sikukuuzani kanthu kalikonse za amene waitumiza.

Chimene akuba sangathe kubisa ndi pempho lawo, chifukwa akalibisa ndiye kuti sapindula. Kampani ya foni kapena banki sifunsa PIN, OTP kapena mawu achinsinsi kudzera pa imelo, pa SMS kapena pa foni, ndipo makampaniwo amalengeza zimenezi kawirikawiri pa wailesi ndi m'mauthenga awo. Wogwira ntchito weniweni safuna PIN yanu kuti akonze akaunti, chifukwa makompyuta a ku ofesi amamulola kuchita ntchito yake popanda iyo. Pempho limeneli nthawi zonse limabwera ndi changu: maola 24, lero lomwe, isanakwane 5 koloko. Changucho n'chofuna kuti musapeze mpata wofunsa munthu wina. Bodza la chitupa limene analigwiritsa ntchito pa inu limamveka loona chifukwa lili ndi mbiri kumbuyo kwake. Tonse tikukumbukira kalembera wa zitupa za unzika wa mu 2017, komanso kalembera wa SIM khadi wa mu 2018 pamene MACRA, bungwe la boma loyang'anira makampani a mafoni ndi mawailesi, inalamula kuti nambala zosalembetsedwa zitsekedwe, ndipo mabanki nawonso amapempha makasitomala nthawi ndi nthawi kuti akonzenso mbiri yawo. Munthu amene anaimapo pamzere pa nthawi imeneyo akamva kuti akaunti itsekedwa chifukwa cha chitupa, mtima wake umavomereza msanga. Koma kumbukirani mmene kalembera weniweniyo anayendera: analengezedwa kwa miyezi pa wailesi ndi m'nyuzipepala, ndipo munthu ankapita yekha ndi chitupa chake m'manja.

Popeza ndinu wabizinesi, pali mtundu wina umene ukukhudzani kuposa anthu ena. Munthu amaitanitsa katundu, kenako amatumiza imelo kapena chithunzi chooneka ngati lisiti, chosonyeza kuti walipira kale. Nthawi zina lisitilo limasonyeza ndalama zoposa mtengo, tinene K150,000 pa katundu wa K50,000, ndipo iye amaimba mwachisoni kuti walakwitsa, mumubwezere K100,000 yapamwambayo chifukwa ndi ya fizi ya mwana kapena ya kuchipatala. Mukabweza, mwapereka ndalama zanu zenizeni posinthana ndi chithunzi. Umboni wakuti ndalama zalowa si imelo, si chithunzi, ndipo si SMS yochokera pa nambala ya munthu wamba ngakhale italembedwa mofanana ndi ya kampani. Umboni ndi ndalama zotsala zimene mwaziona nokha mu akaunti yanu. Ngati munthu watumizadi molakwika, muuzeni kuti adandaule ku kampani kuti iwo abweze mwa dongosolo lawo. Ngati muli ndi mtsikana kapena mnyamata wokugulitsirani pa benchi, muphunzitseni zimenezi, chifukwa akuba amasankha nthawi imene mwini bizinesi wachokapo.

Mitundu ina sindichedwa nayo chifukwa mafupa ake ndi amodzimodzi. Pali imelo yoti mwawina mphoto pa mpikisano umene simunalowe, yoti mwasankhidwa pa ntchito ku bungwe lina koma mulipire kaye ndalama yoyezetsera kuchipatala, yoti mwapatsidwa ngongole kapena thandizo la bizinesi koma mutumize kaye ya fomu, ndi yoti katundu wanu wagwidwa pa chipata cha Mwanza kapena Songwe ndipo mulipire msonkho pa nambala ya munthu. Zonsezi ndi abale a SMS ija imene pafupifupi Mmalawi aliyense anailandirapo, yakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Kusiyana kwake n'kwakuti imelo imavala jekete ndi tayi.

Chimene ndikufuna muchisamale mwapadera ndi zinthu zomatidwa ku imelo. Imelo ina imanena kuti apu yanu yakalamba ndipo muike yatsopano imene akupatsani, kapena imabwera ndi chinthu chotchedwa lisiti chimene dzina lake limathera ndi .apk. Chimenecho ndi pulogalamu ya foni za Android, osati chikalata. Mukaiika, imapempha chilolezo chowerenga ma SMS kapena choona zonse zimene zikuchitika pa sikirini, ndipo mukavomera, wakuba safunikanso kukuimbirani, chifukwa OTP iliyonse imene yalowa imamupeza yokha ndipo PIN amaiona pamene mukuilemba. Apa ndi pokhapo pamene imelo imafika pafupi ndi kuba popanda inu kutchula kanthu, komabe imadalira kuti inu mudine povomera. Apu ya ndalama itengeni ku Google Play kapena ku App Store kokha, ndipo musalole kuti anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni akuikireni yochokera mu kompyuta yawo. Chimodzimodzinso munthu amene akuti muike pulogalamu yoti azitha kuona foni yanu ali kutali kuti akuthandizeni, mukaneni.

Tsopano tibwerere ku zimene munapereka. Tsiku lobadwa limaoneka ngati chinthu chopanda ntchito, koma anthu ambiri amagwiritsa ntchito chaka chawo chobadwa ngati PIN, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Ngati PIN yanu ndi chaka chobadwa, manambala omaliza a foni yanu, kapena manambala otsatizana monga 1234, isintheni kukhala ina yosagwirizana ndi chilichonse cholembedwa pa chitupa chanu, ndipo isakhale yofanana ndi ya khadi la ku banki. Chachiwiri n'chakuti dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya chitupa ndi zinthu zimene munthu angayese nazo kudzionetsa ngati inu kuti apatsidwe SIM khadi yatsopano ya nambala yanu, ponama kuti yakale yatayika. Zikatheka, SIM yanu imafa ndipo ma SMS anu onse, kuphatikizapo ma OTP a ku banki, amapita kwa iye. Chizindikiro chake ndi foni kutaya netiweki mwadzidzidzi kwa nthawi yaitali pamene anzanu oyandikana nawo benchi, a kampani yomweyo, akuimba bwinobwino. Zikachitika musadikire kuti mwina ibwerera madzulo. Bwerekani foni muimbire kampani, kapena thamangirani ku shopu ndi chitupa chanu. Ndikukulangizaninso kuti mupite ku shopu sabata ino ngakhale zisanachitike, mukawauze kuti mbiri yanu inagwera m'manja olakwika, kuti aone ngati pali amene wayesa kusintha kanthu pa nambala yanu.

Akaunti yanu ya imelo nayonso ikufuna loko wolimba, ndipo ambiri amaiwala zimenezi. Munthu amene walowa mu imelo yanu akhoza kupempha mawu achinsinsi atsopano a Facebook, a banki ya pa intaneti ndi a mabungwe otumizira ndalama, chifukwa onsewo amatumiza njira yosinthira ku imelo. Akhozanso kulembera abale anu m'dzina lanu kuti mwagonekedwa kuchipatala ndipo atumize ndalama pa nambala ina. Ngati pa tsamba lija munalembapo mawu achinsinsi a imelo, asintheni pompano, pamodzi ndi kulikonse kumene munagwiritsa ntchito mawu omwewo. Yatsaninso njira yotsimikizira kawiri, imene pa Gmail imatchedwa 2-Step Verification, kuti munthu wodziwa mawu achinsinsi okha asathe kulowa. WhatsApp nayonso ili ndi njira yofanana, ndipo nambala ya manambala 6 imene imatumiza pa SMS ndi yanu nokha ngati OTP. Imelo yachinyengo ija musaiyankhe, ngakhale kuti muwatukwane, chifukwa kuyankha kumawatsimikizira kuti adiresiyo ili ndi munthu woiwerenga. Ijambuleni kaye pa sikirini kuti mukhale ndi umboni, kenako mudine pamene palembedwa Report phishing kapena Report spam, zimene zimathandiza kuti isafikenso kwa ena.

Mwina mukatsegula akaunti mupeza kuti ndalama zatulukadi, kapena wowerenga wina zamuchitikira kale. Pamenepo chofunika kwambiri ndi nthawi, chifukwa akuba sasunga ndalama pa nambala imene zafikira: amazitumiza pa nambala zina kapena kukazitapa kwa ejenti msangamsanga, ndipo kampani imatha kuimitsa zokhazo zimene zikadali mu akaunti. Imbirani kampani kapena banki nthawi yomweyo, muwapatse nambala ya chizindikiro imene imabwera mu SMS ya malipiro, nthawi yake, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala imene zapita, ndipo mufunse nambala ya dandaulo lanu kuti mudzathe kulitsatira. Musafufute SMS iliyonse. Kenako kaneneni kupolisi, kumene kuli nthambi yoona za chinyengo cha ndalama imene ambiri amaitchula kuti Fiscal. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kulowa m'makompyuta ndi m'mbiri za anthu popanda chilolezo, ndipo linakhazikitsa pansi pa MACRA gulu loona za chitetezo cha pa intaneti lotchedwa Malawi CERT. Ngati simunakhutire ndi mmene kampani kapena banki yasamalira dandaulo lanu, mukhoza kulipititsa ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki ndi njira zolipirira. Ndinene mosabisa kuti ndalama zimene zatapidwa kale sizibwerera kawirikawiri, makamaka popeza nambala zambiri za akuba zimalembetsedwa ndi zitupa za anthu ena. Nyuzipepala zathu zalembapo kangapo za akaidi ena a kundende ya Zomba amene ankaimbira anthu mafoni achinyengo ali m'kati momwemo, zimene zikusonyeza kuti dzina limene limaoneka pa nambala silikufikitsani kwa wolakwa nthawi zonse. Ngakhale zili choncho kunena n'kofunika, chifukwa ndi madandaulo amene amachititsa kuti nambala zimenezi zitsekedwe.

Manyazi ndi amene amathandiza akuba kwambiri pa gawo limeneli. Munthu woberedwa amaopa kusekedwa, amabisira ngakhale a m'nyumba mwake, ndipo ali yekha choncho mpamene amalandira uthenga wina wochokera kwa munthu wodzitcha wapolisi, loya kapena katswiri wa makompyuta, wolonjeza kuti abweza ndalamazo akapatsidwa kaye kangachepe koyendetsera ntchito. Kawirikawiri ndi anthu omwe aja, kapena anzawo amene agula dzina lanu. Pa ntchito yanga ndaonapo aphunzitsi, owerengera ndalama ndi anthu odziwa makompyuta akugwa m'misampha imeneyi, osati chifukwa cha umbuli koma chifukwa uthenga unawapeza atatopa, ali pa changu, kapena pa tsiku limene ankayembekezeradi ndalama. Inu munaima pa PIN chifukwa mtima unakukanizani, ndipo munachita bwino kuumvera.

Yembekezerani kuti adzayesanso, popeza nambala yanu tsopano ili pa mndandanda wa anthu amene anadinapo linki. Ulendo wina adzabwera ndi nkhani yosiyana: mwina adzati ndi a nthambi yachitetezo ya kampani ndipo aona kuti wina akufuna kukuberani, choncho musamutsire ndalama zanu pa nambala yotetezeka, kapena adzakuuzani kuti mudine nambala za nyenyezi n'kumatsatira zimene akukuwerengerani, zomwe mapeto ake ndi kutumiza ndalama kwa iwo. Nthawi zina kauthenga kopempha PIN kamangotulukira pa sikirini ngakhale inu simunagule kanthu. Kameneko ndi pempho la malipiro limene wina wayambitsa pa nambala yanu, ndipo muyenera kulikana. Woimbayo adzakhala waulemu, adzakutchulani dzina ndi tsiku lobadwa, ndipo mukakayika adzayamba kukwiya kapena kukuopsezani kuti ndalama zanu zipita mukachedwa. Simukuyenera kutsutsana naye kapena kumusonyeza kuti mwamuzindikira. Ingomuuzani kuti mupita nokha ku shopu, dulani foni, lembani nambala yake ndi nthawi imene waimba, ndipo mukaipereke pamodzi ndi chithunzi cha imelo ija pa tsiku limene mukupita kukaonetsa chitupa chanu.